Chitini cha a Tiyambirenso

Mukafika ku Sparkhill mumzinda wa Birmingham n'kufunsa Mmalawi aliyense za a Nedson Likongwe, ayamba wakanda kaye m'mutu. Koma mungoti "a Tiyambirenso", muona munthu akuseka mpaka kugwira khoma, kenako n'kungoti zii pokumbukira kuti mwini dzinalo tinaperekeza kale. Bambo amenewa sanamalizepo nyimbo. Sindikunena kuti ankamaliza mochedwa ayi. Ndikuti moyo wawo wonse sanazimitsepo makina n'kunena kuti basi, apa yapsa. Munthu ankatha kuimba mpaka kudziliza yekha, iwo n'kuvula mahedifoni, kugwedeza mutu ngati akhutira, n'kunena mwaulemu wonse kuti, "Zokoma kwabasi. Tiyambirenso."

Anabwera ku Birmingham potsatira akazi awo, a Winnie, omwe ndi namwino. Ankati kumudzi anali injiniya pa situdiyo ina ku Blantyre. Owadziwa amati ntchito yawo kumeneko inali yopinda mawaya ndi kukagulira oimba mandasi, koma zimenezo tinkanena iwo atatuluka. Kuno ankalondera nyumba yosungiramo katundu, ntchito imene sankafuna n'kuitchula komwe. Moyo wawo weniweni unali m'shedi ya matabwa kuseri kwa nyumba, mmene anakhoma mabulangete ndi makatoni a mazira m'makoma monse.

M'shedimo munali zinthu ziwiri zimene sizinamvanepo. Choyamba chinali chimakina cha tepi cha mawilo awiri kutsogolo, chimene anagula pamsika uja azungu amagulitsirana zinthu zotopa nazo m'mabuti a galimoto. Anabwera nacho pa basi atachifungatira ngati mbuzi yodwala. Tepi yake inali ndi mizere eyiti, mzere uliwonse wosunga mawu akeake: wina a sopulano, wina a alito, wina a tenala, wina kiyibodi, choncho basi. Chachiwiri chinali kompyuta yakale imene mwana wawo Shanice anaisiya popita ku yunivesite. Pakati pa ziwirizi panali kabokosi kolumikizira, ka mabowo awiri okha.

Mlendo aliyense ankalandira phunziro lomwelo, afune asafune.

"Tepi iyi ndi bedroom," ankatero akusisita chimakinacho. "Computer ndi bafa. Mawu amachoka kuno kupita ku bafa, akasambe, adzole mafuta, tiwasakanize bwinobwino, abwerere kudzagona pa tepi."

"Nanga zotsala mu computer mumatani nazo?"

"Delete."

"Zonse?"

"Inu madzi amene mwasambira mumasunga?"

Amene anagwa m'manja mwa bambo amenewa ndi Vera, namwino wa ku Ntcheu, mtsogoleri wa kwaya ya mpingo wathu wa Amalawi. Vera anapekapo nyimbo imodzi yokha, ya mutu woti "Mundidzutse Kusanache", ndipo anaipekera m'basi pochokera ku ntchito. Inali nyimbo yabwino, tisanamizane. Kulakwa kwake kunali koti anakaiulula kwa amayi ake. Mayi Nachisale akhala akutsogolera kwaya ya amayi kumudzi kuyambira Vera asanabadwe, ndipo ankakhulupirira kuti mwana wawo anasiya kuimba tsiku lomwe anakwera ndege.

"Ndikutumizirani, amayi," Vera anatero pafoni. "Osati ine ndekha ayi. Kwaya yonse, mawu onse, mumve nokha."

"Chabwino, ndidikira," anayankha mayiwo, ndi mawu a munthu amene sakukhulupirira.

Kuyambira pamenepo, Lamlungu lililonse moni asanathe n'komwe, funso linali limodzi: "Yatuluka?"

Mwina mukufunsa kuti bwanji sanangoimika kwayayo n'kuijambula pafoni. Ndiye kuti anamwino simuwadziwa. Imeneyi inali kwaya ya anthu osakumana. A sopulano akakhala kuti akupuma, a alito ali pa shifiti yaitali. A tenala akamadzuka, wa kiyibodi ndiye akukagona. Ena ankachokera ku Hillfields, ena ku Hanley, kutali ndi Birmingham. M'tchalitchi ankaimba amene apezekapo, ndipo panali Lamlungu lina limene mpingo unamva a alito okhaokha nyimbo yonse, osadziwa kuti ikupita kuti.

"Rota isakudetseni nkhawa, sister Vera," anatero a Likongwe. "Aliyense azibwera pa day off yake, aimbe line yake, azipita. Tepi ndiyo iwakumanitse."

Vera anaona ngati pemphero layankhidwa. Anafika mpaka powaphikira zitumbuwa.

Lamulo loyamba la m'shedi linali chitini. Chinali chitini chachikulu cha mabisiketi a pa Khirisimasi, ndipo aliyense wolowa ankayenera kuzimitsa foni n'kuiponyamo. Ankati foni ikamafuna kulira, tepi imatola kaphokoso kakuti titi-titi-titi, ndipo pa ichi chokha sankanama. Lamulolo silinkaona nkhope. Abusa athu, a Albert, atabwera tsiku lina anakumana ndi chitini pakhomo.

"Abusa, foni."

"A Likongwe, ine ndangobwera kudzapempherera studio."

"Pempherolo lifuna network?"

Abusa anazimitsa n'kuponya. M'kupita kwa nthawi anthu anazolowera mpaka dzanja linkangopita lokha m'thumba. Chrissy wa sopulano akuti tsiku lina ku wodi, gogo wina wachizungu atamutsegulira chitini kuti atengemo bisiketi, iye anazimitsa foni n'kuiikamo, n'kuima chilili kudikira kuti auzidwe poyambira.

Kujambula kokha kunkatheka. Mavuto ankayambira posakaniza mawu. Popeza kabokosi kaja kanali ka mabowo awiri, a Likongwe ankasamutsa mizere iwiriiwiri. Abweze tepi, atumize a sopulano ku kompyuta. Abwezenso, atumize a tenala. Abwezenso, kiyibodi ndi zisekese. A alito ankakhala omaliza nthawi zonse. Ndiye pa kompyuta ankawandandalika onse kuti ayambire pamodzi. Ndime yoyamba inkayenda bwino, munthu n'kuyamba kumva tsembwe. Ndime yachiwiri a alito ankayamba kutsalira. Pofika kumapeto, a sopulano ankanena ameni a alito adakali pakati pa kupempha.

Mkulu wa a alito anali Deborah, mayi wa ku Chipata wokhala ku Hanley, wosaopa dokotala ngakhale apongozi.

"Ma alto mwachedwanso," anatero a Likongwe.

"Ba Likongwe, ine sinichedwa. Ku ward nifika first. Ku church nifika first. Manje mu nyimbo mweka ndiye nichedwe?"

"Onani pa screen. Line yanu iyi, yatsalira."

"Screen yanu inalipo pamene ninali kuimba?"

"Tiyambirenso."

Ankafufuta a alito onse, ndipo Deborah ankayendetsanso galimoto kuchokera ku Hanley, akutukwana njira yonse m'zilankhulo zitatu. Vera ankamudikira pageti ndi tiyi kuti amuziziritse mtima asanalowe.

Woyamba kuwauza zoona a Likongwe anali Kondwelani wa tenala, amene amagwira ntchito ya makompyuta m'tauni. Anakhala pakona kuonerera mawilo aja akuzungulira, kenako anatsokomola.

"Uncle, si ma alto. Machine yanuyi siyiyenda speed imodzi. Ikatentha imayamba ku-slower. Ma alto mumawa-transfer last, ndiye amapeza motor yatopa kale. Mungopeza interface ya eight inputs, onse alowe at once, nkhani yatha."

A Likongwe anamuyang'ana kuyambira kunsapato.

"Makina awa anapangidwa ku Japan iwe usanabadwe. Ukufuna kundiuza kuti a Japan aname, Deborah anene zoona?"

"Yes, uncle. Kapena yesani ku-transfer ma alto first, muone."

Kondwelani anabwezeredwa foni yake pomwepo n'kusonyezedwa khomo. Koma zikuoneka kuti bambowo anakayesa mwakachetechete, chifukwa sabata yotsatira anaimbira Vera ndi mawu a munthu wobweretsa uthenga wa maliro. A alito achira, anatero, koma matenda aja alowa kwa a tenala. Akuti anthu akamaimbira pa maikolofoni imodzi amapatsirana.

Ndiye pali nkhani ya mbuzi. M'shedi momwemo a Winnie ankasungamo chifiriji chawo chachikulu, chimene chinkalira chapansipansi nthawi zonse. A Likongwe ankadana nacho kuposa Satana, ndipo pojambula ankachizula pakhoma. Chaka china amayi a mpingo anasungitsamo nyama ya mbuzi ya phwando lokumbukira ufulu wa dziko lathu. Chrissy anabwera kudzaimba, firiji inazulidwa, bambo anatseka shedi n'kupita ku ulonda wawo. Kunja kunali kotentha, kutentha kuja kumabwera kuno kamodzi pachaka ngati mlendo wosochera. Amene anatulukira nkhaniyi ndi neba wawo, bambo wachikulire wa ku Pakistan, amene anagogoda mwaulemu kudzafunsa ngati m'banjamo onse ali moyo.

"Bambo a Shanice!" anakuwa a Winnie atatsegula chivundikiro. "Mbuzi ya anthu!"

"Pepani, mayi. Koma mumve take ya Chrissy. Clean. Hum palibe ngakhale pang'ono."

Chaka chimenecho ufulu wathu tinaukumbukira ndi nyemba. Ndipo mawu a Chrissy amene anaphetsa mbuzi kachiwiriwo, anadzawafufutanso chifukwa akuti anapuma mokweza.

Mzere womaliza wa tepi, wa nambala eyiti, sankalola munthu kuukhudza. Unali wa besi, ndipo besi inali yawo. Amuna a mawu aakulu analipo mumpingo, koma iwo ankati besi ya nyimbo imeneyi ili m'mutu mwawo ndipo adzaimba pomaliza, zonse zikakhala m'malo. Sanaphunzitse munthu aliyense. Ngakhale Vera, mwini nyimbo, sanaimvepo.

Zaka zinapita tikuseka. Shanice anamaliza yunivesite n'kuyamba ntchito. Wa kiyibodi anabwerera kumudzi. Ena anasamukira ku Australia kumene akuti anamwino amaona dzuwa. Obwera kumene ankalowetsedwa m'shedi, kuponya foni m'chitini, n'kuyamba kuchedwa nawonso. Ku Ntcheu, Mayi Nachisale anayamba kufunsa funso lawo lija mokuwa, ndipo Vera ankayenera kuyankha kawiri. Mng'ono wake anamuuza kuti khutu lakumanzere latseka kale, lakumanja nalo likutsatira. Apa m'pamene Vera anasiya kuseka. Ankachita manyazi ndi mantha pamodzi, ndipo Lamlungu likamayandikira mtima unkamuwawa.

Masana ena anangolowa m'shedi osagogoda, chitini osachiyang'ana.

"A Likongwe, ndipatseni mmene ililimo. Ma alto achedwe, bass isakhalepo, I don't care. Amayi anga makutu akutha. Ndikufuna amve anthu akuimba nyimbo yanga asanagonthe."

Bambowo anavula mahedifoni n'kuwaika pamwendo.

"Sister Vera, nyimbo ikatha anthu amasiya kubwera."

"Mukuti bwanji?"

"Deborah angachoke ku Hanley kudzandiona ine? Kondwelani angabwere kudzakangana ndi security guard? Panopa pakhomo pano pamaima magalimoto. Anthu amati tikupita ku studio."

Vera anakwiya, inde, komanso anawamvera chisoni, ndipo chisonicho n'chimene chinamugonjetsa.

"Ndipatseni Saturday imodzi," anatero a Likongwe akuvalanso mahedifoni. "Ma alto abwere komaliza, ine ndiike bass, Sunday mutumize. Ndalumbira."

Vera anavomera. Potuluka anadzipeza atagwira foni m'manja, yozimitsa kale.

Loweruka limenelo silinawapeze. Pakati pa sabata, masana, a Winnie anawaitana kuti adzadye ndipo sanayankhe. Zimenezo sizinali zachilendo, chifukwa munthu wa mahedifoni wakhala asakuyankha kwa zaka. Atatopa anawatengera mbale kushedi. Anawapeza atakhala pampando wawo, mutu utaweramira pa kompyuta, tepi itafika kumapeto, kansonga kake kakungomenya pamakina kuti pha-pha-pha. Madokotala anati ndi mtima.

Panakonzedwa mapemphero owatsanzika thupi lisananyamuke ulendo wa kumudzi, ndipo Vera anati nyimbo ija ikamveke pamenepo, zivute zitani. Kondwelani anabwereka kabokosi ka mabowo eyiti kwa mnzake. Kulumikiza kwake kunatha madzi a tiyi asanawire, ndipo zimenezi zinamupweteka Vera kwambiri. Anabweza tepi, mawilo anayamba kuzungulira.

Sopulano anamveka, koma ngati akuimbira pansi pa bulangete. Tepi ija inali itabwezedwa ndi kufufutidwa kwa zaka zonsezi mpaka inaperepeseka, ndipo pamene inkayenda, fumbi lofiirira linkayoyokera patebulo.

"Ma alto ali kuti?" anafunsa Vera.

Kondwelani anakweza mzere wa a alito mpaka pamapeto. Munali mphepo yokhayokha.

"Anawa-wipe kale, aunt. Amakonzekera Saturday."

"Bass?"

"Blank."

Asanafike ndime yachiwiri tepi inamatirira, inalira ngati khoswe, n'kuduka. Anatembenukira ku kompyuta. Kondwelani anafufuza paliponse pamene munthu angafufuze, koma bafa lija mwini wake analisiya lotsukatsuka. Vera anakhala pa chivundikiro cha firiji n'kulira, ndipo sankadziwa ngati akulira munthuyo kapena nyimbo.

Tsiku la mapemphero kunachitika chinthu chimene sichinachitikepo. Anthu anasinthana mashifiti, ena anapempha tchuthi, ena ananama kuti akudwala. A ku Hillfields anabwera, a ku Hanley anabwera. Chrissy, amene anali atasamukira ku Scotland, anakwera basi. Vera ataimirira kutsogolo kwa holo n'kutembenuka, anaona kwaya yake yonse itaima mizere, anthu ena akupatsana moni koyamba ngakhale akhala akuimba nyimbo imodzi kwa zaka. Popeza tepi yakana, aimba pakamwa.

Shanice anali pambali ndi foni pa kamtengo kake, kuonetsa mwambowo kwa abale akumudzi. Vera ankadziwa kuti ku Ntcheu mng'ono wake wawaikira amayi foni pakhutu labwino lija.

Vera akukweza dzanja kuti ayambitse, a Winnie anaimirira pa mpando wa anamfedwa. M'manja anali ndi chitini.

"Pepani abusa, pepani nonse," anatero ndi mawu osasa. "Bambo a Shanice sankalola foni pamene nyimbo iyi ikuimbidwa. Lero ndi lomaliza. Tiwapatse ulemu wawo."

Holo yonse inaseka ikulira. Chitini chinayamba kuyenda, ndipo manja ankangopita okha m'matumba. Abusa anaponya osadikira kufunsidwa. Chitadzaza, amayi ena anatambasula chitenje. Vera anazimitsa yake n'kuponya, maso ali pa a sopulano, mutu uli pa kiyi yoyambira.

"Mum, this one's live," anatero Shanice. "People at home are watching."

"Zimitsa, ika."

"Mum."

"Bambo ako ali apo. Ika."

Shanice anazimitsa n'kuika.

Ndipo anaimba. Ine ndinalipo, ndiye musandiuze. Besi munalibe, chifukwa mwini wake anapita nayo, koma zotsalazo zinalukana mwa njira imene tepi ija sinaloteko. Vera ankamva nyimbo yake koyamba mmene anaimvera m'mutu tsiku lija m'basi. Amuna akuluakulu ankapukuta m'maso ndi mataye. Wosamalira holo, mzungu wosamva Chichewa n'chimodzi chomwe, anasiya kukankha mipando n'kuima pakhomo. Ameni anatera pamodzi, onse, nthawi imodzi.

Mu bata limene linatsatira, Deborah anatuluka pamzere, anapita pa bokosi la maliro n'kuwerama.

"Mwamvela, ba Likongwe? Ndani wachedwa?"

Anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi. Vera nayenso ankaseka, misozi ili mbwembwembwe, mpaka maso ake anagwera pa chitini chili patebulo, chovundikira bwinobwino. Kuseka kunathera pomwepo. Holo yodzaza anthu, aliyense ndi foni yake, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anajambula. Ku Ntcheu amayi ake anamva mawu a a Winnie, kenako zii.

"Tiimbenso kamodzi," anatero. "Chonde, sitinajambule. Kamodzi kokha."

Koma chitini chinali chitatsegulidwa kale. Mafoni ankayaka imodziimodzi, iliyonse ndi kulira kwake, ndipo nkhope zinkasintha pomwepo. A galimoto ya maliro anali ataima pakhomo, akuyang'ana mawotchi mwaulemu. Wosamalira holo anati ena abwera kudzakongoletsa za ukwati.

"Sis, ndili pa late, ndachedwa kale."

"Aunt, coach yanga inyamuka."

"Vera, mwandi, tizakumana," anatero Deborah akumukumbatira, makiyi a galimoto ali kale m'manja. "Tizapanga plan. Ika pa group."

Vera anaika uthenga pa gulu lawo la pafoni. Anthu anayankha ndi timanja topemphera. Tsiku limene linakomera a alito silinakomere a sopulano, ndipo limene linakomera onsewo a tenala anali ku ntchito. Patapita nthawi anthu anasiya kuyankha.

Masiku ano pamsewu wa a Likongwe malo oimika galimoto savuta. Loweruka limafika n'kupita popanda wotukwana kuchokera ku Hanley. Kwaya inabwerera mwakale, amene apezekapo ndi omwewo, ndipo palibenso amene amatiitana kuti tikachedwe. Tinkadandaula kuti bambo aja akutitayitsa masiku athu opuma. Pano masikuwo tili nawo, ndipo timangogona. Chimakina chija Kondwelani anayesa kuchipereka kwaulere, palibe anachifuna. A Winnie anachifunditsa nsalu, ndipo m'chitini muja amasungamo ulusi ndi mabatani.

Lamlungu lina potuluka m'tchalitchi, Vera anadzera kwa a Winnie n'kupempha kiyi wa shedi. Anatseka chitseko, anakhala pampando uja, n'kuimba foni ku Ntcheu.

"Yatuluka?" anakuwa Mayi Nachisale.

"Tinaimba, amayi. Tsiku la maliro lija. Tonse."

"Wati chiyani?"

"Ndati tinaimba!"

"Ndiye ndimvetse."

Vera anayang'ana nsalu yofundika makina, anayang'ana kompyuta yozima. Kenako anayandikitsa foni pakamwa n'kuyamba kuimba yekha, mokweza mmene akanathera, m'kachipinda ka mabulangete kamene kankameza mawu ake. Kumbuyo kwake firiji inkalira chapansipansi, popanda woizula. Anaimba ndime zonse mpaka ameni.



"Wa besiyo ndamumva," anatero mayiwo. "Sasuntha, koma ali ndi mpweya. Iwenso ndimakumva patalipatali. Nanga anzako ena aja ali kuti?"

Vera anatsegula pakamwa kuti afotokoze za tepi, za chitini, za bambo amene sankafuna kuti anthu asiye kubwera. Anaona kuti zonsezo n'zazitali kwa khutu limodzi lotsala.

"Ali ku ntchito, amayi."

"Chabwino. Akaweruka mudzaimbe, unditumizire. Koma usachedwe, iwe."

Vera anati sachedwa. Anazimitsa foni, n'kukhala pomwepo ataigwira m'manja, akumvetsera firiji.